Makasu anafika helikopita isanafike: ntchito ya magulu opulumutsa anthu pa namondwe Freddy

Usiku wa Lamulungu pa 12 Malichi 2023, kuchera Lolemba, mbali ina ya phiri la Soche mumzinda wa Blantyre inagumuka. Mvula inali ikugwa osapumira, nthaka itamwa madzi mpaka kulephera kudzigwira. Matope, miyala ikuluikulu ndi mitengo zinatsetsereka pamodzi n'kudzera m'nyumba za anthu ku Chilobwe, ambiri ali m'tulo. Magetsi anali atazima. Kutacha, otsala anapeza kuti pamene dzulo lake panali makomo a anzawo pali chigwembe chofiira, malata atapindikapindika ngati mapepala.

Amene anayamba kukumba sanali asilikali, apolisi kapena madokotala. Anali anansi. Anatulutsa makasu akumunda, mafosholo, mapiki, ena manja okha. Iwowo ndi amene ankadziwa kuti nyumba ya uje inali apa, chipinda cha ana chinali mbali iyi, ndipo m'banjamo munagona anthu angati usiku umenewo. Palibe mapu a boma amene akanapereka uthenga umenewo. Ovulala anawanyamula pa zitseko ndi m'mabulangete kutsika nawo kumsewu, mvula ikadagwabe. Pamene magulu ovala yunifomu ankafika, ntchito yaikulu yopulumutsa amoyo inali itagwiridwa kale ndi anthu amene sanaphunzitsidwepo ntchitoyi.

Izi sizonyoza asilikali athu kapena apolisi. Ndi mmene zimakhalira kulikonse kumene ngozi yaikulu yagwa, ndipo pa matope n'zoopsa kwambiri. Chivomezi chikagwetsa nyumba, zipupa ndi madenga zimasiya timipata momwe munthu angathe kupuma tsiku limodzi, awiri, mwina kupitirira apo. N'chifukwa chake akatswiri a ntchitoyi amatchula maola 72 oyambirira ngati nthawi imene chiyembekezo chopeza amoyo chimakhala chachikulu. Matope alibe chifundo chotere. Amalowa paliponse, amatseka mphuno ndi pakamwa, akauma amalimba. Wokwiririka m'matope amakhala ndi mphindi zowerengeka. Choncho amene angamupulumutse ndi yekhayo amene ali pafupi, ndipo funso limene dziko liyenera kudzifunsa ndi lakuti munthu wapafupiyo tinamukonzekeretsa bwanji.

Lamulo limene linabadwa ku Phalombe

Ndondomeko yothana ndi ngozi zogwa mwadzidzidzi m'dziko muno inayamba ndi maliro. Mu Malichi 1991 phiri la Michesi linagumuka, madzi ndi miyala n'kusesa midzi ku Phalombe, ndipo anthu mazanamazana anafa. Akuluakulu anati wadutsa Napolo, monga ananenera makolo awo pa zimene zinachitika ku Zomba mu 1946. Chaka chomwecho cha 1991 boma linakhazikitsa lamulo la kukonzekera ngozi ndi kupereka thandizo, ndipo m'lamulo limenelo ndi momwe munachokera nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, imene lero aliyense amaitchula kuti DoDMA.

Anthu ambiri amaganiza kuti DoDMA ndi gulu la anthu okhala ndi mabwato ndi zingwe. Ayi. Ntchito yake yaikulu ndi kulunzanitsa. Pansi pake pali makomiti a m'maboma amene amatsogoleredwa ndi bwanamkubwa, kenaka makomiti a m'madera a mafumu aakulu, kenaka makomiti a m'midzi ya magulupu. Uthenga wa chenjezo umayenera kutsika makwerero amenewa mpaka kufika pakhomo la munthu, ndipo malipoti a zimene zaonongeka amayenera kukwera makwerero omwewo. Ngozi ikagwa, ntchito imagawidwa m'magulu malinga ndi chofunika: kufufuza ndi kupulumutsa anthu, zaumoyo, madzi ndi ukhondo, chakudya, pogona ndi kayendetsedwe ka misasa, mayendedwe a katundu, maphunziro, chitetezo cha amayi ndi ana, ulimi. Gulu lililonse limatsogoleredwa ndi unduna kapena nthambi ya boma, mothandizana ndi bungwe lodziwa ntchitoyo, monga WFP pa chakudya ndi mayendedwe, UNICEF pa madzi ndi maphunziro, WHO pa zaumoyo. Gulu lofufuza ndi kupulumutsa anthu limatsogoleredwa ndi asilikali a Malawi Defence Force, ndipo muli apolisi, a nthambi yoona za maulendo apamadzi ndi a Malawi Red Cross Society.

Papepala zimaoneka ngati za m'maofesi chabe, koma popanda kugawana kotere pamakhala chisokonezo chimene chimapha anthu. Mabungwe asanu amakaunjikana pamsasa umodzi wa m'mphepete mwa tala, pomwe atolankhani amafika mosavuta, msasa wina wa kuseri kwa phiri osaona ngakhale thumba limodzi la ufa. Malo amene amaletsa zimenezi ndi likulu loyendetsera ntchito yadzidzidzi, limene pa nthawi ya Freddy linakhazikitsidwa mu Blantyre. M'chipinda chotere mumakhala msilikali, wa zanyengo, wa misewu, wa zaumoyo ndi oimira mabungwe, onse akuyang'ana mapu amodzi. Mafunso ake ndi omwewomwewo m'mawa uliwonse: mlatho uti wakokoloka, msewu uti watseguka, kuli anthu angati amene sanafikiridwe, mafuta alipo okwanira maulendo angati. Wina amayenera kunena kuti bwato limodzi limene lilipoli lipite uku osati uko, akudziwa bwino lomwe kuti kumene silipitako kulinso anthu pamwamba pa mitengo.

Pa 13 Malichi, amene anali mtsogoleri wa dziko pa nthawiyo, Lazarus Chakwera, analengeza kuti m'maboma khumi a m'chigawo cha kummwera mwagwa ngozi yaikulu. Kulengeza kotere si mwambo chabe. Ndiko kumatsegula khomo kuti boma lipemphe thandizo kunja, ndi kuti magulu a mayiko ena alowe ndi zida zawo.

Tinayang'ana kuchigwa, ngozi inatsika m'mapiri

Freddy sanatidzidzimutse. Namondweyu anayambira kufupi ndi Australia kumayambiriro a Febuluwale, anawoloka nyanja yonse ya India, anaomba Madagascar, anaomba Mozambique, anabwereranso m'nyanja, kenaka pa 11 Malichi anakatulukira kufupi ndi Quelimane. Bungwe loona zanyengo padziko lonse linadzatsimikiza kuti anakhala masiku 36, kuposa namondwe wina aliyense amene anayezedwapo. Nthambi yathu yoona zanyengo inachenjeza kukadali masiku angapo, wailesi zinalengeza, ndipo unduna wa maphunziro unaimitsa sukulu m'maboma amene anali pachiopsezo.

Nanga zinalakwika pati? Mwa kuona kwanga, tinakonzekera ngozi imene tinaizolowera. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, onsewa anatiphunzitsa kuti vuto lili ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene Shire, Ruo ndi Mwanza amataya madzi m'midzi. Kumeneko phunzirolo linalowadi. Ku Bangula kuli malo osungirako katundu wa thandizo amene anamangidwa kuti zinthu zizikhala pafupi msewu wa M1 ukaduka. M'mitsinje ina muli mitengo yoyezera madzi yopakidwa utoto wa mitundumitundu, ndipo akomiti akumtunda akaona madzi afika pofiira amaimbira foni anzawo akumunsi, amene amayenda m'mudzi ndi chimkuzamawu ndi mawenzulo. Anthu ambiri akuchigwa amadziwa sukulu kapena tchalitchi chimene ayenera kuthawirako. Mabwato ndi magulu opulumutsa anthu anatumizidwa msanga makamaka kumadera oterewa.

Koma imfa zambiri za Freddy zinachitika m'mphepete mwa mapiri: ku Soche, ku Chiradzulu kumene mudzi wa Ntauchira unakokoloka, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Munthu wa ku Chilobwe akamva pa wailesi kuti anthu asamukire kumalo okwera, iye ali kale pamalo okwera. Apite kuti? Chenjezo linali loona koma silinkayankhula kwa iye. M'mizinda makomiti a ngozi analinso ofooka poyerekeza ndi a kuchigwa, chifukwa mabungwe ambiri anaika mphamvu zawo kumidzi. Bwato silithandiza pa phiri. Chimene chinkafunika ndi makina okumbira, zida zodulira zitsulo, zingwe, agalu onunkhiza, ndi anthu odziwa kuyenda pa nthaka imene ingagumukenso nthawi ina iliyonse. Zimenezi zinali zochepa kwambiri, ndipo apolisi atabwera ndi agalu awo ntchito inali itasanduka yofufuza mitembo. Zowawa n'zakuti lamulo lathu loyamba linabadwa chifukwa cha phiri logumuka, koma patatha zaka 32 phiri linatipeza osakonzeka.

Pamadzi ndi mumlengalenga

Kupulumutsa anthu pa madzi osefukira ndi luso lapadera, ndipo wodziwa kupalasa bwato panyanja sangangoti ndikwanitsa. Madzi amenewa amathamanga, ndi akuda, ndipo pansi pake pabisala zitsa, mawaya a mipanda, zipupa za nyumba ndi mapesi a chimanga amene amakola injini. Woyendetsa sayandikira mtengo umene pali anthu kuchokera kumtunda, chifukwa madzi angakanikize bwatolo pamtengopo n'kuligudubuza. Amazungulira, n'kubwera kuchokera kumunsi mphuno ya bwato itayang'ana kumene madzi akuchokera, injini ikulimbana ndi mafundewo pang'onopang'ono. Mmodzi amagwira nthambi, wina amalandira anthu mmodzimmodzi. Chovuta kwambiri nthawi zambiri si madzi koma mantha. Anthu amene akhala pamtengo kapena pachulu usiku wonse akaona bwato amafuna kudumphiramo onse nthawi imodzi. Msilikali amayenera kukuwa kuti ana ayambe, atsatire amayi ndi okalamba, abambo adikire ulendo wachiwiri, n'kulonjeza kuti tibweranso. Ndipo amayenera kubweradi, ngakhale dzuwa litapendeka, chifukwa wotsalayo mphamvu za m'manja zikumuthera. Ku Nsanje kulinso ng'ona, zimene madzi akasefukira sizidziwa malire a mtsinje.

Asodzi ndi eni mabwato a mitengo nawo amanyamula anthu ambiri m'masiku oyambirira, ndipo mayina awo salembedwa m'malipoti. Amadziwa pamene padutsa khwawa lakale ndi pamene pali chulu. Gulu lanzeru likafika kudera lachilendo limayamba lafunsa anthu amenewa.

Kuli malo amene bwato kapena galimoto sizikanafika. Makhanga, pakati pa Shire ndi Ruo, amasanduka chilumba. Madera a Nkhulambe ku Phalombe ndi Muloza ku Mulanje anadulidwa milatho ndi misewu zitakokoloka, ndipo kwa masiku angapo anthu kumeneko anali okhaokha ndi ovulala awo. Apa ndi pamene kusowa kwa ndege za helikopita m'dziko muno kunaonekera poyera. Tanzania inatumiza mahelikopita ndi asilikali, Zambia inatumiza ndege, South Africa inatumiza gulu lofufuza anthu, Britain inatumiza akatswiri opulumutsa anthu pamadzi pamodzi ndi mabwato awo, ndipo WFP inabweretsa helikopita yonyamula chakudya ndi mankhwala. Thandizo limeneli linapulumutsa miyoyo, makamaka ya ovulala ndi amayi oyembekezera amene anafunika kufika kuchipatala chachikulu, ndipo anansi athu ayenera kuthokozedwa.

Komabe tisadzinamize za nthawi. Gulu lochokera kunja limayenera kuitanidwa ndi boma, kusonkhanitsa anthu ake, kukweza zida m'ndege, kutera, kudutsa pa kasitomu, kupeza magalimoto, mafuta ndi womasulira. Zonse zikayenda bwino pamapita masiku. Helikopita nayo siuluka m'mitambo yotsika ndi mvula yamphamvu pafupi ndi mapiri ngati Mulanje, imamwa mafuta ambiri, ndipo katundu amene imanyamula pa ulendo umodzi ndi wochepa poyerekeza ndi lole. N'chifukwa chake gulu lina limene silitchulidwa kawirikawiri, la mainjiniya a asilikali ndi a misewu, ndi lofunika ngati opulumutsa anthu enieniwo. Tsiku limene mlatho wongoyembekezera waikidwa ndi lole yoyamba n'kuwoloka, dera lonse limapuma.

Ku Gulupu

Ovulala a mu Blantyre anathamangitsidwa ku chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, chimene ambiri amangoti ku Gulupu. M'maola ochepa munafika anthu ochuluka kuposa amene chipinda cha odwala mwadzidzidzi chinakonzedwera, ena amoyo, ena atafera m'njira. Madokotala ndi anamwino athu, mothandizidwa ndi a Médecins Sans Frontières amene anali kale pachipatalapo, anagwira ntchito usana ndi usiku, ena mwa iwo asakudziwa ngati nyumba zawo zili chilili.

Pa nthawi yotere lamulo la tsiku ndi tsiku lakuti woyamba kufika ndiye woyamba kuthandizidwa limaikidwa pambali. Pakhomo pamaima namwino kapena dokotala amene ntchito yake ndi kusankha. Amayang'ana ngati munthu akupuma, ngati akutaya magazi, ngati akumva akamuyankhula, ndipo m'kanthawi kochepa amamuika m'gulu: wofiira ndi amene afa ngati sathandizidwa pompano, wachikasu angadikire pang'ono, wobiriwira akutha kuyenda yekha, wakuda ndi amene wapita kale. Kwa mayi amene mwana wake wathyoka mkono ndipo akulira, kuona munthu wofika pambuyo akulowetsedwa msanga kumaoneka ngati kukondera. Koma amene akulira mokweza ndiye kuti akupuma bwino. Woopsa ndi amene wangoti zii.

Mabala a matope ali ndi vuto lawolawo. Mumalowa dothi, timiyala ndi zonyansa za m'zimbudzi zokokoloka, kotero kuti kusoka msanga n'kutsekera matenda mkati. Amafunika kutsukidwa bwino, kuchotsa mnofu wakufa, ndi kupereka katemera wa kafumbata. Munthu amene mwendo wake unapanikizidwa ndi chipupa kwa maola ambiri angaoneke bwino potulutsidwa, koma minofu yophwanyikayo imatulutsa poizoni amene amaononga impso, ndipo opulumutsa odziwa ntchito amafuna kumuika diripi msanga, ngati n'kotheka asanamuchotse n'komwe pomwe wapanikizidwapo. Mnansi wa khasu uja sangadziwe zimenezi ngati palibe amene anamuuza.

Nyumba ya chisoni ya pachipatalapo inadzaza. Kusamalira akufa ndi mbali ya ntchito ya magulu amenewa, ndipo si yaing'ono. Mtembo uliwonse umayenera kupatsidwa nambala, kujambulidwa, kulembedwa malo amene unapezeka ndi zovala zimene unavala, kuti abale adzathe kuuzindikira. Pali chikhulupiriro chofala chakuti mitembo ya anthu ofa pa ngozi imabweretsa miliri, choncho iyenera kukwiriridwa mwachangu m'dzenje limodzi. Akatswiri a zaumoyo akhala akunena kuti si zoona, pokhapokha ngati munthuyo anafa ndi matenda opatsirana monga kolera. Kuika anthu mothamanga osawazindikira kumangosiya mabanja m'chisoni chosatha. Lipoti la boma la pambuyo pa Freddy linati anthu 679 anafa ndipo 537 anasowa. Kwa ife amene maliro satha mpaka titaona manda, nambala yachiwiriyi ndi yolemera mwapadera.

Kaundula, chimbudzi ndi ndowa

Makamera akachoka pa matope, ntchito yaitali imayamba. Anthu oposa 2.2 miliyoni anakhudzidwa, oposa 650,000 anasowa pokhala, ndipo misasa inapitirira 700, yambiri m'masukulu ndi m'matchalitchi. Apa gulu lothandiza silikhalanso la zingwe ndi mabwato. Limakhala la anthu a kope ndi cholembera.

Kaundula wa pamsasa ndi chinthu chonyozeka m'maso koma ndi pomwe pagona chilichonse. Mwa iye ndi momwe amadziwira matumba a ufa ofunika, chiwerengero cha ana osakwana zaka zisanu oti alandire phala la Likuni, amayi oyembekezera, okalamba ndi olumala. Kulemba kwake n'kovuta kuposa mmene zimamvekera. Anthu amabwera usiku, ena amachoka m'mawa kukaona zotsala kunyumba, ndipo olemba akafika masana sawapeza. Ziphaso zinapita ndi madzi. Ena amene nyumba zawo zinagwa anasungidwa ndi achibale, ndipo chifukwa sagona pamsasa salembedwa, ngakhale njala yawo ndi yomweyo. Kulinso amene nyumba zawo zili bwinobwino koma amva kuti kukubwera ufa. Dandaulo limene limamveka pamsasa uliwonse ndi lakuti ine sanandilembe. Komiti ya pamsasa ikakhala ya abambo okhaokha oyandikana ndi mfumu, amasiye ndi ana okhala okha ndiwo amagwa pamndandanda, ndipo pamene munthu mmodzi ali ndi mphamvu yolemba kapena kufufuta dzina, atsikana ndi amayi amakhala pachiopsezo chouzidwa kuti alipire ndi thupi lawo. Ichi n'chifukwa chake magulu odziwa ntchito amaumirira kuti m'komiti mukhale amayi, mayina awerengedwe pagulu, pakhale njira yodandaulira imene sidutsa mwa ogawa katunduwo, ndipo amuna ndi akazi agone m'makalasi osiyana. Amene amaona izi ngati zochedwetsa ufa sanaganizire za mtsikana wa zaka 14 amene akupita kuchimbudzi usiku pamsasa wopanda nyale.

Freddy anatipeza tili kale pakati pa mliri wa kolera woopsa kuposa wina uliwonse m'mbiri ya dziko lino, umene unayamba mu Malichi 2022 ndipo unapha anthu oposa 1,700. Tsopano ganizirani sukulu ya zimbudzi zochepa, zomangidwira ana obwera m'mawa n'kuweruka masana, italandira mabanja mazana ogona pomwepo, mijigo ndi zitsime zozungulira zitalowa madzi a m'zimbudzi zokokoloka. Muyezo umene mabungwe a thandizo amatsatira padziko lonse umati munthu mmodzi apeze malita osachepera 15 a madzi patsiku, ndipo chimbudzi chimodzi chisapitirire anthu 20. M'masiku oyambirira misasa yambiri inali kutali ndi muyezo umenewu. Amene anaima pakati pa misasayo ndi manda anali alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka a Red Cross: kuthira kolorini m'ndowa iliyonse pamjigo, kukumbitsa zimbudzi zongoyembekezera, kuika ndowa ya madzi ndi sopo pakhomo la kalasi, kusungunula Thanzi, ndi kupatula msanga aliyense wotsegula m'mimba. Ntchito imeneyi ikayenda bwino sipakhala chojambula, chifukwa chimene chachitika n'chakuti anthu sanadwale.

Palinso odwala amene ngozi inawapeza ali kale pa mankhwala. Wa ma ARV, wa chifuwa chachikulu, wa shuga, wa BP, wa khunyu: mabotolo ndi timabuku ta kuchipatala zinakokoloka, ndipo chipatala chaching'ono cha kwawo mwina chinadzaza matope. Magulu a zaumoyo oyendayenda amayenera kuwafufuza mwaulemu, chifukwa munthu sangaimirire pagulu la anansi ake n'kunena mankhwala amene amamwa.

Kenaka pamabwera mkangano umene ulibe yankho lokoma. Ana ayenera kubwerera m'kalasi, koma m'kalasimo mukugona anthu amene alibe kopita. Kutseka msasa n'kosavuta kulengeza. Banja likapatsidwa lona, ndowa ndi thumba la ufa n'kuuzidwa kuti libwerere, limabwerera kumalo komwe kuja, m'mphepete mwa mtsinje womwe uja kapena pansi pa phiri lomwe lija, chifukwa malo ena alibe.

Zimene zingakonzedwe mvula isanagwe

Kafukufuku wa boma ndi mabungwe anapeza kuti Freddy anaononga zinthu za ndalama zoposa madola 500 miliyoni a ku America, ndipo kukonzanso kunkafunika pafupifupi madola 680 miliyoni. Mu Epulo 2023, patangotha mwezi umodzi, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la ngozi zogwa mwadzidzidzi lolowa m'malo mwa lija la 1991. Bilu yake inali itakhala zaka ikudikira. Lamulo latsopanoli likutsindika kukonzekera ndi kuchepetsa chiopsezo, m'malo mongodikira kugawa thandizo zinthu zitaonongeka. Ndi lamulo labwino, koma silikumba munthu m'matope. Chimene chidzaonetse phindu lake ndi ndalama zimene zimafika kukhonsolo mwezi wa Okutobala, mitambo isanayambe kusonkhana.

Mayiko ena osauka anayenda kale njira imeneyi. Namondwe wa mu 1970 anapha anthu osachepera 300,000 m'dera limene lero ndi Bangladesh. Dzikolo, pamodzi ndi bungwe la Red Crescent, linakhazikitsa gulu la anthu ongodzipereka a m'midzi ya m'mphepete mwa nyanja, zikwizikwi, ophunzitsidwa kuchenjeza, kusamutsa anthu ndi kupereka chithandizo choyamba, ndipo linamanga nyumba zolimba zothawirako. Anamondwe akuombabe kumeneko, koma imfa zinatsika kwambiri. Anansi athu a ku Mozambique, atalira pa madzi a mu 2000 ndi pa Idai ku Beira, analimbitsa makomiti a m'midzi ndi chizolowezi chosamutsa anthu namondwe asanafike. Freddy anaomba dziko lawo kawiri, koma anthu amene anafa kumeneko anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi kuno. Mapiri athu ndi mbali ya chifukwa chake, koma si chifukwa chonse.

Ine ndikuona kuti dziko lino likufunikadi mahelikopita akeake ndi gulu la asilikali, apolisi ndi ozimitsa moto lophunzitsidwa mwapadera kukumba m'zigumukire, lokhala ndi zida zake mu Blantyre, mu Zomba ndi ku Mulanje. Koma ndalama yoyamba ndikanaiika pansi kwenikweni. Komiti iliyonse ya m'dera lokhala pansi pa phiri, m'tauni ngakhale kumudzi, ikhale ndi mafosholo, mapiki, zingwe, machira, matochi, chimkuzamawu ndi bokosi la chithandizo choyamba, zosungidwa pamalo odziwika, kiyi ali ndi anthu oposa mmodzi. Anthu ake aphunzitsidwe kuletsa magazi, kunyamula wovulala msana osamupinda, ndi kuzindikira zizindikiro za phiri limene latsala pang'ono kugumuka: ming'alu yatsopano m'nthaka ndi m'zipupa, mitengo ndi mapolo opendekeka, kasupe wotumphuka pamene panalibe, mtsinje umene wada mwadzidzidzi kapena waphwa mvula ili mkati. Mabanja adziwiretu sukulu imene adzathawireko ndi njira yodzera, ndipo ayesere kuyendamo kamodzi pachaka. Zonsezi pamodzi sizingafike mtengo wa helikopita imodzi.

Chovuta n'chakuti anthu a m'makomiti amenewa salipidwa, ndipo ambiri amaphunzitsidwa ndi mapulojekiti a mabungwe amene amatha pakapita zaka ziwiri kapena zitatu. Pulojekiti ikatha, mabatire a chimkuzamawu amatha, njinga imathyoka, wapampando amasamukira ku Joni, ndipo palibe amene amabwera kudzaona ngati komitiyo ikadalipo. Ntchito yoyendera makomitiwa, kulowetsa anthu atsopano m'malo mwa ochoka ndi kugula mabatire ndi ya makhonsolo, ndipo iyenera kukhala ndi mzere wakewake m'bajeti ya chaka chilichonse, kuphatikizapo ya khonsolo ya mzinda wa Blantyre, kumene anthu akukhalabe m'mphepete mwa Soche ndi Ndirande.